AMAI A M'MINDA YA TIYI NDI MLANDU UMENE UNAKATHERA KU LONDON

M'dera la Mfumu Chimaliro, m'boma la Thyolo, muli zinthu ziwiri zimene mlendo sangalephere kuziona. Choyamba ndi nyumba zosanja za sukulu ya ukachenjede ya Malawi University of Science and Technology pa Ndata, kufupi ndi msika wa Goliati, imene inayamba kulandira ophunzira m'chaka cha 2014, ndipo mu 2016 anaikapo mai, Professor Address Malata, kuti aiyendetse. Chachiwiri sichidabwitsanso munthu pakuti chinazolowereka kalekale: amai otuluka m'midzi mbandakucha, mvula ikuwaza, kulinga ku minda ya tiyi kumene akagwire nchito tsiku lonse dengu lili kumsana. Pakati pa msungwana wophunzira za makina pa Ndata ndi mai wothyola tiyi pali mtunda woyenda pa njinga chabe, ndipo onse awiri atetezedwa ndi lamulo limodzi. Koma lamulolo siliwafika mofanana.

Kusiyana kumeneku kunaonekera poyera mu February 2021, pamene kunamveka kuti kampani ya ku Mangalande yochedwa Camellia, mwini wake wa Eastern Produce Malawi, yagwirizana ndi amai 36 a m'minda yake ya ku Thyolo ndi ku Mulanje kuti mlandu wao uthere kunja kwa bwalo. Amaiwo, kudzera mwa maloya a Leigh Day, anakasuma ku bwalo lalikulu la milandu ku London kumapeto kwa chaka cha 2019. Iwo anadandaula kuti amuna ena ogwira nchito m'mindamo, makamaka owayang'anira, anali kuwabvutitsa powafuna chiwerewere, ndi kuti ena mwa iwo anagwiriridwa. Kampaniyo sinabvomere kuti inalakwa, ndipo bwalo silinaweruze kuti wolakwa ndani, pakuti mlandu unatha usanazengedwe. Chimene chidziwika ndi chakuti ndalama za mgwirizanowo zinakwana mapaundi 2.3 miliyoni. Wina asafulumire kugawa ndalamazo ndi 36 ai, chifukwa m'menemo munalinso zolipira maloya.

Pamwamba pa ndalamazo, kampaniyo inalonjeza zinthu zingapo kwa zaka zitatu: kulipirira amai 10 maphunziro a ukachenjede, kuphunzitsa amai ena nchito ya uyang'aniro, kukumba mijigo, kumanga maofesi atatu othandiza ochitidwa nkhanza pa malo a polisi, kuika amai oyang'anira chitetezo cha amai anzao m'minda, ndi kukhazikitsa njira yoperekera madandaulo imene anthu a kunja kwa kampani aziiyendera. Amene adziwa moyo wa m'minda adzaona msanga kuti mwa zonsezi chachikulu ndi chomalizacho, ngakhale kuti mijigo ndiyo ioneka bwino pa chithunzi.

MPHAMVU YA KAPITAO

Kuti munthu amvetse mlandu wotere ayenera kuyamba wadziwa mmene nchito ya tiyi ikhalira. Tiyi aphuka kwambiri m'dzinja, kuyambira December kufikira cha m'ma April, ndipo nthawi imeneyo makampani onse pamodzi alemba anthu pafupifupi 50,000. Mvula ikakata masamba achepa, nchito ichepa, ndipo ambiri abwerera kumudzi kukadikira dzinja lina. Chotero wothyola tiyi wamba sali ngati kalaliki wa Boma amene adziwa kuti mwezi wa mawa malipiro ake alipo. Iye alembedwa miyezi yowerengeka, ndipo chaka chilichonse ayenera kulembedwanso.

Tsono munthu amene aima pakati pa mai ameneyu ndi kampani ndi kapitao. Ndiye adziwa amene anagwira bwino chaka chatha, ndiye agawa mizere, ndiye aona amene wachedwa, ndipo mau ake amveka kwa bwana wa ofesi koposa mau a wanchito. Munda wina uli ndi masamba ambiri, wina uli pa chitunda choterera. Pa sikelo masamba angathe kulandiridwa kapena kubwezedwa kuti ngokhwima. Zonsezi ndi zinthu zazing'ono, koma kwa mai amene ali ndi ana anai kunyumba ndipo chimanga chinatha m'nkhokwe mwezi wa October, ndiwo moyo wake wonse. Nyengo yothyola tiyi ndi nyengo yomweyo ya njala. Mwamuna wa mtima woipa akapatsidwa mphamvu yotere sasowa kugwira chikwanje kapena kuopseza ndi mau okweza. Angofunsa mwakachetechete ngati maiyo afuna kudzalembedwanso.

Akapitao ambiri ndi anthu aulemu, okhala m'midzi yomweyo, opemphera m'machalichi momwemo, ndipo sikoyenera kuwanyoza onse chifukwa cha ochepa. Chobvuta chili m'makonzedwe a nchito. Ngati njira yokhayo yodandaulira idzera kwa munthu yemwe akudandauliridwayo, kapena kwa mnzake womwa naye limodzi, palibe mai wanzeru amene angatsegule pakamwa. Akatsegula, nchito yatha. Nkhani ikafika kumudzi, banja nalo ligwedezeka, pakuti amuna ambiri amva za chiwerewere chokha osamva za kukakamizidwa.

Pali chinthu china chimene alendo ochokera kutali sachidziwa. Kwa Alomwe ndi Amang'anja a ku Thyolo munda utsata mai, ndipo mwamuna abwera kudzakhala chikamwini kwao kwa mkazi. Mwa mwambo, tsono, mai wa ku Thyolo si munthu wopanda pake. Ndiye mwini mbumba ndi mwini nthaka. Chimene chinamchotsera mphamvu ndi kuchepa kwa nthakayo. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 720,000 m'boma limeneli, pamene malo aakulu a chonde anagwa m'manja mwa makampani kuyambira masiku a atsamunda. Alomwe ambiri amene anathawa nkhanza za Apwitikizi ku Mozambique anapatsidwa pokhala m'minda ya Azungu, nalipira malowo ndi thukuta lao, mchitidwe umene uchedwa thangata. Mu August 1953 chipolowe chinabuka pa munda wa Mangunda chifukwa cha anthu amene anagwidwa ndi malalanje, ndipo chinafalikira m'maboma oyandikana kufikira anthu 11 anafa. Malalanje anali poyambira chabe, mkwiyo weniweni unali wa nthaka, wa thangata ndi wa chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chimene chinakhazikitsidwa chaka chomwecho. Thangata anathetsedwa ndi lamulo mu 1962. Koma kamunda ka mai sikanakule ai, ndipo zidzukulu zake zigawana kamunda komweko.

CHIFUKWA NINJI KU LONDON?

Funso limene ogwira nchito za Boma ayenera kudzifunsa ndi ili: kodi amai a ku Thyolo anasowanji kuno kwao kuti mlandu wao uoloke nyanja?

Sanasowe lamulo. Malamulo aakulu a dziko lino a 1994 aletsa tsankho m'ndime 20, ndipo ndime 24 inena za ufulu wa amai mwa iwo okha. Mu 2013 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la Gender Equality Act, limene m'ndime 6 linena kuti kubvutitsa munthu pomfuna chiwerewere ndi mlandu, ndipo chilango chake ndi K1,000,000 ndi zaka 5 m'ndende. Ndime yotsatira ipatsa Boma udindo woonetsetsa kuti olemba anthu nchito ali ndi njira yolandirira madandaulo otere, ndipo bungwe la Malawi Human Rights Commission ndilo linapatsidwa nchito yoyang'anira lamuloli. Eni minda nao sanakhale chete: pansi pa chikonzero cha Malawi Tea 2020, chimene chinayamba mu 2015, bungwe lao la Tea Association of Malawi linasainirana pangano loyamba la malipiro ndi bungwe la anchito a m'minda mu 2016, ndipo mu 2017 linatulutsa mfundo zoletsa nkhanza kwa amai. Zolembedwa zilipo, ndipo nzabwino.

Chimene chinatsegula njira ya ku London chinachokera kwa abale athu a ku Zambia. Anthu 1,826 a m'midzi ya kufupi ndi Chingola anasumira kampani ya Vedanta chifukwa cha madzi amene anati anaonongedwa ndi mgodi wa Konkola Copper Mines, ndipo pa 10 April 2019 bwalo lalikulu koposa la ku Mangalande linagamula kuti mlanduwo ungathe kuzengedwa kumeneko, pakuti kampani yaikulu ingathe kuyankha pa zochita za kampani yake ya kunja ngati inali kuiyang'anira. Chigamulo chimenecho ndicho chinalimbitsa maloya kutenga milandu ya m'minda ya tiyi.

Mlandu wachiwiri ndiwo uphunzitsa zambiri. Amai 31 a m'minda ya Lujeri ku Mulanje anasumira kampani ya PGI, mwini wake wa mindayo, pa madandaulo onga omwewo, ndipo kampaniyo inakana mlandu. Maloya a kampani anapempha bwalo kuti ndalama zimene amaiwo angadzabwezeredwe pa zolipira maloya zisapitirire mapaundi 150,000, ponena kuti mlanduwo ukanazengedwa ku Malawi pa mtengo wochepa, ndi kuti chipepeso chimene amaiwo angapate nchochepa poyerekeza ndi ndalama zimene maloya adzadye. Mu October 2021 woweruza, Bwana Justice Cavanagh, anakana pempholo. Maganizo ake anali akuti amaiwo ali ndi ufulu wosuma kumene kampaniyo ikhala, ndi kuti pa mlandu wotere munthu safuna ndalama zokha, afunanso kuti bwalo linene poyera kuti zimene anadandaula zinali zoona.

Kunena zoona, maloya a kampaniyo anakhudza bala lenileni, ngakhale anali kudzitetezera okha. Nchomvetsa chisoni kuti chilungamo cha mai wa ku Thyolo chidye mapaundi ochuluka chotere m'maofesi a ku London. Ndiponso njira imeneyi ithandiza okhawo amene kampani yao ili ndi mwini ku Mangalande. Mai wogwira nchito m'munda wa Mmalawi mnzake, kapena m'sitolo ya pa Luchenza, kapena m'nyumba ya mphunzitsi, alibe London woti apiteko.

Mabwalo athu sali opanda mano. Pa 13 August 2020 Justice Kenyatta Nyirenda wa bwalo lalikulu ku Lilongwe analamula kuti amai 18 a ku Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu, amene anadandaula kuti apolisi anawachita nkhanza zogonana mu October 2019, apatsidwe chipepeso. Mlanduwo unatengedwa ndi maloya a kuno komwe, a bungwe la Women Lawyers Association. Akulu anati mlandu suola, ndipo pamenepo zinaoneka. Koma amai a ku Msundwe anapeza maloya owaimira, manyuzipepala owalemba ndi anthu a m'tauni owafuulira. Mai mmodzi yekha wa m'mudzi wa kwa Chimaliro ayenera kutaya tsiku la nchito, kulipira kabaza kapena minibasi kupita ku boma, ndi kufotokoza za manyazi pamaso pa mwamuna wobvala yunifomu. Ambiri awerengera mtengo wake nangokhala.

PHOKOSO LA PA LAMYA

Masiku ano nkhani za ufulu wa amai zikambidwa kwambiri pa intaneti. Asungwana a m'sukulu za ukachenjede ali ndi magulu ao pa WhatsApp ndi pa Facebook, kumene achenjezana, alimbikitsana, ndipo nthawi zina atchula maina. Achikulire ena anyansidwa nazo, nati ndi mwano wochokera ku Ulaya. Amene anena chotero aiwala mbiri ya dziko lao. Mai Rose Chibambo, amene nkhope yao inaikidwa pa ndalama ya K200 mu 2012, anasonkhanitsa amai a Congress kalekale lamya za m'manja zisanaganiziridwe, ndipo mu 1959 anatsekeredwa pamodzi ndi khanda lao. Mu January 2012 amai a ku Blantyre anasonkhana kutsutsa anyamata a malonda amene anali kubvula akazi obvala mathalauzi m'miseu. Kudandaula kwa amai si katundu wa m'sitima.

Komatu lamya ili ndi nsonga ziwiri. Chida chomwecho chimene chifalitsa dandaulo ndicho chifalitsa zithunzi za msungwana amene chibwenzi chake chatha, ndipo dzina limene laipitsidwa m'mawa silingatsukidwe madzulo, ngakhale mwini wake akhale wosalakwa. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 linena kuti kubvutitsa munthu kudzera pa makina ndi mlandu, koma ophunzira ambiri sadziwa, ndipo aphunzitsi ao ena sadziwanso. Chinanso nchakuti phokoso la pa intaneti likhala la m'Chingerezi ndi la m'tauni. Mai wothyola tiyi, ngati ali ndi lamya, ndi yaing'ono yolandirira ndalama ndi kuunikira usiku. Iye amva za ufulu wake pa wailesi, kapena kwa mlangizi wa zaumoyo, kapena kwa mwana wake wa Sitandade 7 amene anamva kwa aphunzitsi.

Pa magulu omwewo a ophunzira pabuka kawirikawiri mkangano wina woopsa koposa, wa anthu okondana amuna okhaokha kapena akazi okhaokha. Nkhaniyi si yachilendo ku Thyolo. Tiwonge Chimbalanga, amene anamangidwa pamodzi ndi Steven Monjeza mu December 2009 atachita chinkhoswe ku Blantyre, kwao ndi ku Thyolo. Mu May 2010 bwalo linawapatsa zaka 14 aliyense, ndipo patapita masiku ochepa Pulezidenti Bingu wa Mutharika, mwana wa kwa Chimaliro yemweyo, anawakhululukira pa nthawi imene mlembi wamkulu wa United Nations, Ban Ki-moon, anali kucheza m'dziko muno. Pambuyo pake Chimbalanga anakakhala ku South Africa monga wothawa kwao. Mu July 2023 atsogoleri a mipingo ndi a Chisilamu anayenda m'miseu kutsutsa maukwati otere, ndipo pa 28 June 2024 oweruza atatu a bwalo loona za malamulo aakulu anakana kuchotsa ndime za Penal Code zoletsa mchitidwewu, nati kusintha lamulo ndi nchito ya Nyumba ya Malamulo.

Umo ndimo bwalo linagamulira, ndipo wogwira nchito ya Boma sangachite ngati sanamve. Koma ayenera kuwerenga lamulo lonse, osati ndime imodzi yokha. Ndime zimenezo zinena za mchitidwe umene bwalo liyenera kuupeza ndi umboni. Sizinena za mayendedwe a mwana, kapena mau ake, kapena mphekesera ya m'chipinda chogona ophunzira. Ndime 25 ya malamulo aakulu ipereka ufulu wa maphunziro kwa anthu onse, ndipo kumenya munthu kapena kumnyazitsa pa lamya ndi mlandu posayang'ana amene wamenyedwa. Mphunzitsi wamkulu amene alekerera gulu la anyamata kupanda mnzao chifukwa cha mphekesera sanatumikire chipembedzo kapena mwambo. Wangolephera nchito imene Boma limlipirira.

KU SUKULU NDI KU OFESI

Aphunzitsi angathe kuganiza kuti za m'minda ya tiyi siziwakhudza. Koma kalasi nayo ili ndi kapitao wake. Amene agwira choko ndiye agawa malikisi, ndiye anena amene abwereze kalasi, ndiye adziwa msungwana amene alibe ndalama ya mayeso. Makonzedwe ake ndi omwe aja a pa sikelo. Ndipo chizolowezi chakale chongosamutsa mphunzitsi wolakwa kupita naye ku sukulu ina ya kutali, m'malo momtengera ku chilango, sichisiyana ndi kuchotsa mbuzi m'munda wa mwini nkukaimangirira m'munda wa mnansi.

Boma linachita mbali yake pa zolembedwa. Kuyambira 1993 msungwana amene watenga pakati aloledwa kubwerera ku sukulu atabereka. Kuyambira 1994 sukulu ya pulaimale njaulere. Mu 2015 lamulo la maukwati linaika zaka 18, ndipo mu February 2017 malamulo aakulu anasinthidwa kuti agwirizane nalo. Koma m'midzi yozungulira minda msungwana amene wasiya sukulu ali ndi njira ziwiri zokha, banja kapena dengu, ndipo kawirikawiri atenga zonse ziwiri. Mwana amene mphunzitsi wamkulu anachita ulesi kumlondola atabereka ndiye adzaime pa mzere wa olembedwa nchito zaka zitatu zikubwerazo.

Malo 10 a maphunziro amene kampani inalonjeza ndi abwino kwa amai 10. Boma la Thyolo lili ndi ofesi ya zanchito, ofesi ya chisamaliro cha anthu, alangizi a sukulu m'zigawo zonse, apolisi a Victim Support Unit ndi mabwalo a majisitireti, ndipo anthu a m'maofesi amenewa alandira malipiro mwezi ndi mwezi, m'dzinja ndi m'chilimwe momwe. Woyendera malo a nchito akafika pa munda ayamba ndi ofesi ya bwana, kumene amuonetsa mabuku ndi mfundo zopachikidwa pa khoma. Akanachita bwino kufunsanso kuti mwa akapitao onse a pa mundawo akazi ndi angati, kuti madandaulo amene analandiridwa chaka chatha ndi angati, ndi kuti mwa amai amene anadandaula ndi angati analembedwanso dzinja lotsatira. Buku la madandaulo lopanda kanthu si umboni wakuti kulibe mabvuto. Ndipo mafunso amenewa ayenera kufunsidwa mu November ndi December, pamene maina a olowa nchito akulembedwa, osati mu June pamene amai onse abwerera kale kumudzi.